Kalata kwa mwana wanga wopita ku Joni

Ulongwe, Balaka

Mwana wanga wokondedwa,

Dzulo usiku azakhali ako adaimba foni ali kuchipatala ku Blantyre. Msuweni wako amupeza ndi khansa yakummero. Nsima siikudutsanso, akungomwa phala. Fodya paja adayamba ali Fomu 2, kachasu ndiye osanena. Tulo sindidatione, poti Loweruka lino iwe ukukwera basi ya ku Johannesburg.

Pasipoti uziisunga bwino, ndipo kutchalitchi usaleke. Koma za fodyazi undimvetsetse, ine ndidakalambira m'kalasi ndikuphunzitsa bayoloje. Mu utsi wa fodya muli poizoni wotchedwa nitrosamine. Akalowa m'thupi amamata kachidutswa kotchedwa methyl pa guanine, chimodzi mwa zilembo zinayi za DNA. Selo ikamagawikana, chilembo chomatidwacho chimawerengedwa molakwika, ndipo khansa imatha kuyambira pomwepo.

Mulungu sadatisiye pamtetete. M'maselo muli enzyme yotchedwa MGMT, imene imamatula methyl uja n'kumusenza yokha. Tomas Lindahl, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, ndi mmodzi mwa amene adaunika mmene ntchito yotereyi imachitikira. Chondidetsa nkhawa n'chakuti MGMT iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha kenako imaphwanyidwa, ngati njuchi imene imati ikaluma basi yafa. Ndudu zikamatsatizana, ma enzyme amenewa akhoza kutha thupi lisanapange ena okwanira.

Ndili msinkhu wako, anzanga osodza ku Malombe ankapichira chingambwe, amvekere ndiwo uchamuna. Ena mwa iwo tidakawaika m'manda atauma ndi njala, chimanga chili tho m'nkhokwe. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa yakummeroyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndiye usamati za msuweni wako n'zamalodza.

Kuno thonje tagulitsa, mlongo wako wakhoza mayeso, amayi ako akukukazingira mtedza wapaulendo. Jekete lija utenge, kumeneko mu Juni kumazizira koopsa. Ukamazizidwa anzako adzakuyatsira ndudu, ati ufunde. Msuweni wakonso adayamba ndi imodzi yopatsidwa.

Ndalama ukatumiza tidzathokoza, ukalephera sitidzakudandaula. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Ndagwira mwendo wako, mwana wanga, fodya ndi kachasu usakhudze. Azakhali ako dzulo amalira pafoni mpaka mawu kutha. Chonde, amayi ako usadzawalize choncho.

Ine bambo ako.