Sikelo imangoona theka la chitsulo

Pa ntchito yathu yosungunula ndi kuumba zitsulo, funso loyamba la kasitomala limakhala lakuti kilogalamu ndi zingati. Funsoli ndilibe nalo vuto, koma mtengo wa chitsulo choumba umachokera pa zimene zalowa m'ng'anjo, ndipo zimenezo sikelo ya kasitomala siziona.

Kupeza kulemera kwa chinthu chomalizidwa n'kosavuta. Kachidutswa ka steel ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba kamalemera magalamu 7.85. Choncho chiphanthi cha masentimita 50 m'litali, 40 m'lifupi ndi 10 kuchindikala chilemera makilogalamu 157, ndipo nambala imeneyi ndi imene kasitomala amabwera nayo m'mutu. Koma ngati pamwamba ndi pansi pake padzapalidwa pa makina kuti pasalale, ndiyenera kuwonjezera mamilimita 5 mbali iliyonse, kulemera n'kufika 173. Patani ya thabwa yopangira chikombole nayonso ndimaikuza ndi masentimita 2 pa mita iliyonse, chifukwa steel amafota akamazizira, kawiri kuposa mmene cast iron amafotera. Chachikulu n'chakuti chitsulo chamadzi chikamauma m'chikombole cha mchenga, pakati pake pamatsala mphako ngati palibe china chotentha choti chilowemo. N'chifukwa chake pamwamba pa malo ochindikala timaika mitu yodyetsera, imene imauma pomalizira n'kutenga mphakoyo. Mitu imeneyi pamodzi ndi ngalande zothirira zimadya pafupifupi theka la zimene tasungunula. Ngati pa makilogalamu 100 alionse a m'ng'anjo 55 okha ndiwo amasanduka katundu, chiphanthi chija chifuna makilogalamu 314, onse otenthedwa kufika madigiri pafupifupi 1,600.

Ena amati mituyo sitiitaya, timaidula n'kuibwezera m'ng'anjo, ndiye kasitomala ailipirirenji? Kuti chitsulocho chimabwerera n'zoona. Magetsi ndiwo sabwerera: tani imodzi imafuna mayunitsi 500 mpaka 700 kuti isungunuke, ndipo mutu ukabwerera m'ng'anjo umadyanso mayunitsi ena. Gasi wodulira, mwala wopalira chipsera ndi maola a munthu wogwira zimenezi nazonso zapita. Ena akuti masiku ano kompyuta imatchula kulemera ikangoona chojambula. Imatchuladi, ndipo pa zinthu zokhotakhota imandiposa kutali. Koma nambala imene imatulutsa ndi 157 ija. Kuti mitu ikhale ingati ndiponso ikule motani pamafunika munthu wodziwa malo amene adzachedwe kuuma, ngakhale akugwiritsa ntchito pulogalamu yoyerekezera kaumidwe.

Zinthu ziwiri zolemera mofanana zimathanso kusiyana mtengo kwambiri. Chibwano cha makina ophwanya miyala, monga a m'migodi ya ku Copperbelt, chimaumbidwa ndi steel wa manganese amene Robert Hadfield anapanga mu 1882. Muli manganese pafupifupi 13 peresenti, ndipo chikatuluka mu mchenga chiyenera kutenthedwanso kupitirira madigiri 1,000 n'kuviikidwa m'madzi, apo ayi chimasweka msanga. Chinthu chopyapyala chokhala ndi mabowo ambiri chimapepuka pa sikelo, koma chimadya maola pokonza chikombole ndipo kawirikawiri chimatuluka ndi chilema n'kufunika kubwereza. Palinso patani: woitanitsa chinthu chimodzi amalipira yekha mtengo wonse wa mmisiri wa matabwa, pamene woitanitsa 200 amaugawa pa zonsezo. Mtengo wa pa kilogalamu ndimatha kuutchula pomaliza, nditawerengera zonsezi n'kugawa ndi kulemera, ndipo umagwira ntchito pa chinthu chimenecho chokha.