Boma Lolowa Mpaka Kuchipinda

Mfumu yankhanza ya makedzana inkafuna msonkho, thangata ndi ulemu. Ukapereka zimenezi inkakusiya ukadandaulire mkazi wako usiku. Ulamuliro umene akatswiri a ndale amautcha totalitarianism sukhutira ndi zochepa chotere. Umafuna chipani chimodzi, mtsogoleri mmodzi ndi wailesi imodzi. Umalanda sukulu, bwalo la milandu ndi nyuzipepala, kenaka nkulowa kuchipinda kukamvetsera madandaulo ausiku aja.

Koma mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga la nkhanza. Ku East Germany apolisi achinsinsi otchedwa Stasi anakhazikitsidwa mu 1950. Pofika 1989, m'dziko la anthu 16 miliyoni, anali ndi antchito oposa 90,000 ndiponso akazitape oposa 170,000 amene sanali apolisi konse: aphunzitsi, madokotala, abusa, ophunzira ngati ife. Mafailo atatsegulidwa mu 1992, ena anapeza kuti wowaneneza zaka zonsezo anali bwenzi lapamtima, penanso mwamuna wao weniweni.

Nkhaniyi sindiiwerenga ngati yachilendo. Dziko lathu lino linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika. Mu 1973 lamulo linaletsa akazi kuvala mathalauza. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu, nkutuluka mu 1991. Akatswiri atha kutsutsana ngati zathuzi zinafikadi pa za ku Germany, koma njira yake inali yomweyo: munthu aope mnzake.

Ine ndinabadwa referendamu ya 1993 itapita kale. Komabe agogo anga mpaka lero akafuna kutchula boma amayamba ayang'ana pakhomo, natsitsa mau, ngakhale tili awiriwiri. Amati m'mudzi mwathu amene ankapereka maina sanali alendo. Anali anthu odyera nao mbale imodzi, ena ofuna ntchito, ena a nsanje ya munda, ambiri ongoopa kuti akapanda kuneneza anenezedwa ndi iwowo.

Apa mpamene pamandisowetsa tulo. Tonse pano pakoleji timakonda kudziyerekeza ndi wandende wolimba mtima. Nanga wamkulu atandiitana muofesi nkundiuza kuti digiri yanga, imene banja lonse likuiyembekezera, idalira pa kumuuza zimene mnzanga wogona naye chipinda amalankhula, ndingayankhe chiyani? Ena mwa akazitape a Stasi aja anayamba ndi funso ngati lomweli.

Nchifukwa chake, anzanga, tisamangoyang'ana kunyumba ya boma kudikira wankhanza wina. Tiyambe kudandaula tsiku limene mnzathu adzaleke chiganizo pakati chifukwa wina walowa, ife nkuona ngati palibe chachitika.