SIKIRINI YOTCHIPA YA 4K INANDISOWETSA TULO PA CHIPYELA

Abale anzanga a kumsika, inu amene mumadziwa kuwawa kwa mpamba, lero ndabwera ndi mlandu wanga womwe kuti muuzenge. Ndalama ya chipereganyu itandipeza, ndinatha masabata atatu ndisakugona bwino chifukwa cha chinthu chimodzi: monita ya kompyuta, ija akuti 4K, imene mkulu wina wa sitolo mu Mzuzu amandinyengerera nayo pa WhatsApp kuti ndi yotchipa zedi ndipo yatsala imodzi yokha. Inu mukudziwa kuti katundu aliyense amakhala kuti watsala mmodzi yekha kasitomala akayamba kukanda m'mutu. Nanga mawuwo si mumanena ndinu nomwe?

Ine ndimakhala pa Chipyela, pachilumba cha Likoma, kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani n'kumagulitsa ku manyuzipepala. Sindiri pa malipiro a pamwezi ayi. Nkhani ikatuluka ndiye kuti ndadya, ikapanda kutuluka ndimagonera tiyi. Loweruka ndimajambula zithunzi za maukwati, ndipo pakati pa sabata ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Zonsezi ndimachitira pa laputopu ya kaunjika ya mainchesi 14, imene inagwa m'boti tsiku lina nyanja itavuta, n'kuchita mng'alu pakona. Kuchokera pamng'alupo panayamba banga lakuda limene limakula mwezi ndi mwezi ngati inki yotayikira pa pepala. Pofika nthawi imene ndikukambayi, ndimalemba mutu utapendekeka kuzemba bangalo, ndipo ikamakwana 9 koloko usiku maso amakhala ali psuu, akutuluka misozi ngati ndakhala pa utsi wa nkhuni zaziwisi.

Choncho kufuna monita sikunali kunyada. Funso linali lakuti monita yake iti.

Ndifotokoze pang'ono za 4K yi, chifukwa ambiri timangoiona pa makatoni a ma TV ndi m'mafoni osadziwa kuti akutanthauza chiyani. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono towala. Pa laputopu yangayi pali timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika, tonse pamodzi kupitirira pang'ono miliyoni imodzi. Monita wamba imene amati Full HD iri ndi 1920 ndi 1080, kutanthauza mamiliyoni awiri ndi pang'ono. Tsono 4K iri ndi 3840 ndi 2160, timadontho toposa mamiliyoni asanu ndi atatu. Ndiye kuti Full HD kanayi, laputopu yanga pafupifupi kasanu ndi katatu. Ziri ngati maso a ukonde: akachepa, ngakhale kasomba kakang'ono sikapulumuka. Imene amanditsatsa ineyo inali ya mainchesi 27, kuyeza kuchokera pakona kufika pakona, dzina la kampani yake lachilendo loti sindinalimvepo, ndipo mtengo wake unali wotsika ndithu poyerekeza ndi za mayina odziwika. Koma wotsikawo umameza ndalama yonse ya chipereganyu, osatsala ndi ya thiransipoti yomwe.

Ndinalakwitsa n'kuwauza mayi. Mayi anga amagulitsa usipa wouma pa msika wa Mbamba, ndipo sukulu analekeza Sitandade 5, koma masamu a ndalama simungawanamize.

"Chimenechi ndi TV?" anandifunsa.

"Ayi amayi, ndi chogwirira ntchito. Chithunzi chimaoneka bwino kwambiri."

"Chimaoneka bwino kwa ndani, mwanangu? Kwa iwe kapena kwa amene akukulipira?"

Ndinangoti kukamwa yasaa. Kenaka anandikumbutsa, mosakweza mawu, kuti mlongo wanga ali Fomu 4 ndipo fizi ya temu yomaliza sinathe kulipidwa. Sananene kuti usagule. Mayi anga sanena choncho. Anangopitiriza kusankha usipa wawo pa lichero, ine n'kumamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

Funso lawo lija linandikhala m'mutu chifukwa linali loona. Zithunzi zanga ndimatumiza kwa akonzi pa WhatsApp, ndipo WhatsApp ukatumiza mwa nthawi zonse imafinya chithunzi kuti chipepuke, ubwino wina n'kutayika panjira. Chikafika uko amachisindikiza pa pepala la nyuzi, lomwe lija mawa lake mumakulungira zitumbuwa. Timadontho mamiliyoni asanu ndi atatu tikanathera m'chipinda mwanga momwemo. Mafilimu a 4K nawo musanene n'komwe: a Netflix eni ake amati ola limodzi likhoza kudya mpaka 7 GB. Ine bandulo yotere ndimaisunga ngati mchere wa m'nyengo ya njala.

Koma mtima ukafuna chinthu umapeza maloya ake. Ndinadziuza kuti akwati akamabwera kudzasankha zithunzi, akaona nkhope zawo pa sikirini yaikulu yowala, adzasankha zambiri. Ndinadziuzanso kuti ndidzatha kuona msanga chithunzi chimene chatuluka mwa chimbuuzi ndisanachitumize, chifukwa kawiri konse mkonzi wina anandibwezera zithunzi zoti pa laputopu yanga zimaoneka zabwinobwino. Ndipo magetsi pano si a kale aja a jenereta ozima 10 koloko usiku. Kuyambira 2020 pamene anaika makina a dzuwa pachilumba pano, munthu ukhoza kugwira ntchito usiku. Chinanso chimene chimandikankha ndi mantha amene tonsefe tiri nawo tsopano. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense anaona m'mene mitengo ya katundu wochokera kunja inadumphira pa tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo ndalama ikakhala m'thumba imaotcha. Umati ukadikira mwezi umodzi upeza zakwera.

Mkulu wa sitolo uja amafuna nditumize ndalama pa foni, iye apereke katoniyo kwa munthu wina wodzakwera sitima pa Nkhata Bay. Apa ndiye ndinakana. Amene anakwerapo Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, akudziwa m'mene katundu amakhalira kumunsi kuja: matumba a chimanga, simenti, malata, madengu a nsomba, njinga, ndipo anthu akufunafuna popondetsa phazi. Galasi la mainchesi 27 m'manja mwa munthu amene si mwini wake? Likafika litasweka, wa sitolo adzati anapereka liri bwino, wonyamula adzati sanatsegule, ine ndidzatsala ndi katoni. Ndinaona kuti kuli bwino ndiwoloke ndekha, laputopu yanga kuchikwama.

Ndiye ndinafika mu Mzuzu, kukuzizira, nkhungu iri tolo. Sitoloyo inali yaing'ono, yodzaza ndi machaja, masipika ndi mafoni mpaka kudenga. Mkuluyo anandilandira ndi manja awiri, "Bwana wa ku Likoma mwafika!", n'kuyatsa monita ija. Anaika kanema wake wa mbalame ndi maluwa amene amasungira makasitomala. Abale, ndisaname, ndinaiwala za fizi. Nthenga iliyonse imaoneka payokha.

"Ndilumikizeko yanga," ndinatero.

Nkhope inasintha pang'ono. "Ija ndi yomweyi, bwana. Palibe kusiyana."

"Ndiye palibe vuto, achimwene. Ndingoyesako."

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo inu amene mukufuna kugula TV kapena pulojekita ya video show mumve bwino. Pali katundu wina amalemba 4K pa katoni ndi zilembo zazikulu, koma tanthauzo lake n'lakuti amangolandira chithunzi cha 4K n'kuchichepetsa, galasi lenilenilo liri la Full HD. Ziri ngati mbale yoyezera ija yoponderezedwa kunsi, pamwamba mulu kuoneka waukulu. Musandiyang'ane choncho, sindinatchule munthu. Njira yodziwira ndi kulumikiza kompyuta n'kuona nambala imene Windows ikunena kuti ndiyo yoyenera sikiriniyo. Ndinaona. Inalemba 3840 ndi 2160. Mkulu uja sananame ayi, monita inali 4K yeniyeni.

Wabodza anapezeka kuti ndi laputopu yanga. Nditagwedeza mausi, kamuvi kaja kamayenda monyinyirika ngati munthu akuthamanga pa mchenga wa kugombe. Kutsitsa tsamba, zilembo zimachita ngati zikukokedwa. Mnyamata wokonza mafoni pakhonde la sitoloyo, amene amangomvetsera, anabwera n'kutsegula pena pake n'kundionetsa nambala: 30 Hz. Ndiye kuti chithunzi chimasintha ka 30 pa sekondi m'malo mwa ka 60 kamene maso anazolowera. Anati khomo la HDMI la laputopu zakale ngati yangayi ndi la mtundu wa 1.4, limene pa 4K limathera pa 30 pomwepo. Kuti ufike pa 60 pamafunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort, ndipo kusintha chingwe chokha sikuthandiza ngati khomolo liri lakale. Mkulu wa sitolo anamuyang'ana mnyamatayo ndi diso loti tionana.

Zilembo nazo zinali ngati nyerere. Kuti ndiwerenge bwino tinazikulitsa kufika pa 150 peresenti, ndipo ukatero malo ogwirira ntchito amatsala ofanana ndi a monita ya 2560 ndi 1440, kungoti zilembo zimakhala zosalala bwino. Fani ya laputopu inayamba kulira ngati injini ya boti. Nditasuntha n'kuyang'ana sikiriniyo cham'mbali, mitundu inafwifwa, nkhope ya mkwatibwi wina n'kusanduka yotuwa. Apa ndi pamene kutchipa kunabisala. Akwati anga sabwera awiri okha. Amabwera ndi ankhoswe, azakhali ndi ana, onse kuunjikana mozungulira tebulo. A pakati okha ndiwo akanaona bwino.

Ndinafunsa za waranti. Anati miyezi itatu, ubwere nayo wekha ndi lisiti ndi katoni yake. Kwa munthu wa ku Chibavi kapena ku Katoto imeneyo ndi nkhani ya kabaza. Kwa ine ndi tikiti ya sitima, minibasi ya pa Nkhata Bay, malo ogona, chakudya, kudikira tsiku la sitima yobwerera, ndipo ngati ndi nyengo ya mwera, kupemphera. Nditawerengera pa chikuto cha kope langa, ulendo umodzi wobweza katundu umadya gawo lalikulu la ndalama imene ndimati ndapulumutsa pogula yotchipa. Kuwonjezera apo TV guard, chifukwa chinthu chotere sungachilumikize ku khoma chimodzimodzi. Kuwonjezeranso laputopu ina yoti ikwanitse kuyendetsa monitayo. Monita yotchipa ija imandituma kukagula kompyuta.

Komabe ndisanachotse chingwe ndinachita chinthu chimodzi chimene ndimanong'oneza nacho bondo. Ndinatsegula chithunzi cha St Peter's chimene ndinajambula m'mawa wina dzuwa likutuluka kumapiri a ku Mozambique. Tchalitchi chimenechi ndakula ndikuchiona tsiku ndi tsiku, ndinabatizidwira momwemo, koma pa sikirini paja ndinaona mwala uliwonse, mizere ya pakati pa njerwa, ndi kambalame kali pa denga kamene sindinadziwe kuti ndinakajambula. Kwa nthawi yoyamba ndinaona ntchito ya manja anga m'mene iliri. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mkulu uja anayamba kutulutsa buku la malisiti.

"Ndibweranso," ndinatero.

"Mupeza yapita, bwana."

Mnyamata wa mafoni uja ndiye ananditsata panja n'kundilozera kwa munthu wina amene amagulitsa makompyuta ochokera m'maofesi akunja. Kumeneko ndinapeza monita ya mainchesi 24, Full HD, yogwiritsidwapo ntchito, yokalika pang'ono pa phazi lake. Ndinailumikiza: 60 Hz, mausi kuthamanga bwinobwino, fani ziii. Ndinaika tsamba loyera lokhalokha, kenaka lakuda lokhalokha, kufunafuna timadontho takufa ndi mphuno pafupi ndi galasi ngati mayi akusankha nsabwe. Ndinapeza kamodzi, pakona yakumunsi. Kadontho kameneko ndinanenerera nako mpaka wogulitsayo anatsitsa mtengo n'kuwonjezera chingwe cha HDMI ngati basela. Yonse pamodzi sinafike theka la mtengo wa 4K ija.

Pobwerera ndinaikulunga mu bulangete langa logona, n'kuikumbatira pamiyendo ulendo wonse wa panyanja. Mayi wina wa ku Chizumulu amene tinakhala moyandikana anandifunsa ngati muli mwana wodwala. Ine ndinafika ndikunjenjemera ndi mphepo, monita inafika yofunda.

Yotsalayo ndinapereka kwa mayi kuti akamalize fizi. Anawerenga kawiri, n'kumanga pa nsonga ya chitenje, n'kufunsa ngati TV yanga ija ikuonetsa mpira. Maso anasiya kutuluka misozi, ndipo akwati a mwezi watha anasankha zithunzi zambiri kuposa kale, ngakhale sindinganene ngati ndi monita kapena ndi ankhoswe amene anali ndi ndalama. Chithunzi cha tchalitchi chija ndinachitsegulanso pano. Kambalame kaja kakuoneka, koma ngati kachitsotso chabe.

Mkulu wa ku Mzuzu ananditumiziranso uthenga Lachiwiri lapitali. Akuti monita ija ikadalipo, yatsala imodzi yokha, koma mtengo wakwera. Nambala yake sindinafufute.