Thanga Lofiira pa Nyanja ya Kariba

Ife amene tikulemba nkhaniyi ndife awiri, bambo ndi mai, amene tinadalitsa ukwati wathu m'caka ca 1984. Tonse tinabadwira kum'mawa, kumene madzi akulu amene tinawadziwa paubwana ndi a mtsinje wa Luangwa, ndipo makolo anatiphunzitsa kuwaopa. Nkhani ya m'mene tinasandukira amalinyero mu ukalamba wathu iticititsa manyazi pang'ono, koma taona kuti ingathandize mabanja ena.

M'caka ca 2016 tinapuma pa nchito, ndipo tinasamukira ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba. Ana anali atakwatira ndi kukwatiwa. Apo ndi pamene tinazindikira kuti kwa zaka zambiri nkhani zathu zonse zinali za ana okha: ndalama za sukulu, mankhwala, zobvala. Anawo atacoka, mau anatha m'nyumba. Sitinali kukangana ai, tinali kungokhala cete. Ku Misa tinali kukhala pa benci limodzi, anthu natiyamikira, koma kunyumba tinali ngati alendo awiri odikira basi imodzi.

Tsiku lina bambo anapeza kaboti kakale kuseri kwa nyumba ya munthu wina, kali pansi pa mtengo, nkhuku zikuikiramo mazira. Kanali ka mtundu wochedwa Mirror, umene unakonzedwa ku England m'caka ca 1962 kuti anthu wamba azitha kudzikhomera okha kunyumba. Utali wake ndi mamita 3.3 cabe, thupi lake ndi la matabwa opyapyala osokedwa ndi waya wa kopa, ndipo matanga ake ndi ofiira. Bambo anakagula ndi ndalama za penshoni osafunsa mai. Kwa masabata awiri nsima inali kufika pa tebulo popanda liu.

Amene anatithandiza ndi mkulu wina wa mu mphakati wathu, amene pa unyamata wake anagwira nchito yosamala maboti a azungu a ku migodi. Iye anagogoda matabwa ndi cala, napeza malo atatu oola, ndipo anati: "Bambo, mwagula cinthu ca anthu awiri. Matanga ndi awiri, ndipo dzanja lanu limodzi lidzakhala pa tsigiro. Mai akakana, gulitsani lero lomwe." Mai anabvomera, osati cifukwa cokonda nyanja, koma pofuna kuona ndi maso ao kumene ndalama zinamira. Kwa miyezi itatu tinadula zoola, kumata zigamba, kupala ndi kupaka utoto, ndipo mai anasoka thanga long'ambika pa makina ao.

Kenaka maphunziro anayamba. Mkuluyo anatilongosolera kuti boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikucokera. Ukafuna kupita komweko, uyenda copendeka, pafupifupi madigiri 45 kucoka ku mphepo, nutembenuka, nuyendanso copendeka mbali inayo, monga munthu wokwera phiri ndi katundu pamutu. Pakati pa boti pali thabwa lolowetsa m'madzi, limene liletsa boti kutsetsereka cam'mbali. Tsigiro nalo lili ndi mwambo wake: ukakankhira cogwirira kumanzere, boti lipita kumanja. Potembenuka, mtengo wa m'munsi mwa thanga udutsa pamwamba pa mitu. Woongolera ayenera kucenjeza mnzake, mnzakeyo nayankha kuti wakonzeka, ndipo onse awiri awerama ndi kusamukira mbali ina nthawi imodzi. Apa ndi pamene tinalephera. Bambo anazolowera kucita zinthu osanena, mai anazolowera kumva osayankha. Mtengowo unatiphunzitsa ndi zotupa pamphumi.

Nyanja ya Kariba si ya masewera. Inadzaza damu litatha kumangidwa mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anacotsedwa m'midzi yao ya m'cigwa ca Zambezi. Mitengo imene madzi anamiza ikali ciimire m'malo ambiri, ndipo nsonga za ina zabisala pansi pa madzi, zokhoza kuboola boti. Mulinso ng'ona ndi mvuu. Cotero tinapatsidwa malamulo anai: kubvala majekete oyandamitsa nthawi zonse, kusapita kutali ndi gombe, kubwerera asodzi a kapenta asanayatse nyale zao, ndiponso kusamanga cingwe ca thanga lalikulu, koma kucigwira m'manja kuti mphepo ikakula ucitayirire.

Lamulo lacinaili ndi limene tinaswa. Mu Ogasiti 2018, mwezi wa mphepo, tinapita tokha. Dzanja litatopa, bambo anamanga cingwe. Mai anaona madzi akuda kutsogolo, cizindikiro cakuti mphepo yamphamvu ikubwera, koma anakhala cete, poganiza kuti mwini boti waona. Mphepo inafika, boti linagona cam'mbali, ndipo tonse tinagwera m'madzi. Mantha a ng'ona anatilowa m'mafupa. Gombe linaoneka ngati lili pafupi, bambo nayamba kusambira. Pamenepo mai anafuula ndi mau amene sitinawamve kwa zaka zambiri: "Atate ake a ana, musasiye boti! Mundisiya ndi yani?"

Bambo anabwerera. Tinakumbukira kuti kabotiko kali ndi zipinda za mpweya ndipo sikamira. Mai anamasula cingwe, bambo anakwera pa thabwa lapakati lija nalilemera, ndipo boti linadzuka. Tinakapa madzi ndi cidebe, tikunjenjemera, mpaka tinafika kumtunda.

Usiku umenewo tinakhala pa khonde. Bambo anati: "Amake ana, ndinamanga cingwe. Ndikhululukireni." Mai anati: "Inenso ndinaiona mphepo, koma sindinanene." Kucokera pa cingwe tinafika pa ndalama za penshoni, ndipo kucokera pa ndalamazo tinafika pa zinthu za zaka 30 zimene aliyense anasunga mu mtima. Tambala analira tikali kukamba. Loweruka lake tonse awiri tinapita kukalapa.

Nkhani ya namondwe mu Uthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 4, tinaimva kambirimbiri, koma tsopano tiimva mwina. Ena mwa apostoli aja anali asodzi odziwa nyanja, komabe thandizo linadza pamene anatsegula pakamwa ndi kudzutsa Ambuye Yezu. Ifenso tinapulumuka mmodzi wa ife atatsegula pakamwa.

Sitikunena kuti banja lililonse ligule boti. Koma akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinganene kuti mitu iwiri yosalankhulana nayonso silisenza. Inu abale ndi alongo a m'banja, dzifunseni: kodi m'nyumba mwanu ndani wamanga cingwe osauza mnzake? Nanga ndani waona madzi akuda nakhala cete?

Kaboti kathu kakalipo. Adzukulu akabwera pa cuti, tiwakweza mmodzimmodzi pafupi ndi gombe, ndipo cinthu coyamba cimene tiwaphunzitsa si tsigiro ai, koma kucenjeza ndi kuyankha.