Belu Loweruka Likalira

Mwanawe,

Sutikesi yako ili kale pakhomo, mayi ako amanga ufa ndi nyemba, ndipo mawa m'mamawa ukwera minibasi kupita ku sekondale yoyendera ya kumudzi komwe boma lakutumiza. Bambo ako, amene anagwira choko zaka zambiri asanapume, akudziwa kuti malangizo a padepoti amapita ndi fumbi, n'chifukwa chake akhala pansi kulemba. Za m'kalasi unaphunzira kukoleji. Iwo akufuna anene za nthawi ija belu loweruka likalira, pamene ahedi adzakuyang'ane, poti ndiwe wamng'ono mu stafu yonse, n'kukuuza kuti ukhale matironi wa kalabu.

Anzako adzakuuza kuti makalabu pano anafa kalekale, ndalama palibe, aphunzitsi ndi ochepa, ana amachokera kutali. Sakunama. Komabe bambo ako akufuna umve za masekondale ang'onoang'ono a kumidzi ya ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe ija asilikali a KAR ochokera kuno anakamenya mpaka ku Burma.

Japan itaphulitsa doko la ku America la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, masukulu amenewo anayamba kuphwa ngati dambo m'chilimwe. Aphunzitsi aamuna anapita kunkhondo, ena anatsata malipiro abwino m'mafakitale a zida. Mu Novembala 1942 boma linatsitsa zaka zolembera usilikali kufika pa 18, moti mnyamata wa kalasi yomaliza ankadziwiratu chimene chikumudikira akangolemba mayeso. Matayala anasowa chifukwa Japan inalanda minda ya mphira ku Malaya ndi ku zilumba zomwe lero ndi Indonesia, ndipo kuyambira pa 1 Disembala 1942 petulo ankagulidwa ndi makuponi m'dziko lonselo. Kunyamula timu kupita nayo ku sukulu ina kunasanduka nkhani yovuta.

Makalabu sanatsekedwe. Anapatsidwa ntchito imene munthu wina kwinakwake ankaidikira.

Kumayambiriro kwa 1942, gulu lankhondo lapamadzi linapempha ana asukulu kuti aseme tindege tamatabwa 500,000. Sitinali toseweretsa ayi. Kandege kalikonse kankayenera kuchepa maulendo 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, kenako n'kupakidwa penti wakuda, kuti asilikali aziphunzirira kuzindikira ndege ya mdani ndi ya kwawo poona kaumbidwe kake kokha. Mnyamata ankakhala ndi mpeni, sandipepa ndi pepala la miyezo, akudziwa kuti akakhotetsa phiko, oyendera akakana.

Mu 1944 inabwera ntchito ina. Thonje la mtengo wa kapok, lomwe ankaika m'majekete oyandamitsa munthu pamadzi, linkachokera ku Java, komwe kunali m'manja mwa Japan. Akatswiri anapeza kuti ubweya wa m'makoko a chitsamba cha milkweed, chimene alimi ankachiyesa udzu wachabechabe, umayandama chimodzimodzi. Ana anamwazikana m'mbali mwa misewu ndi njanji atanyamula matumba a anyezi aja oonekera mkati. Akadzaza ankawapachika pamipanda kuti aume ndi mphepo, kenako ankatumizidwa ku fakitale ya ku Petoskey, m'boma la Michigan. Mwana aliyense ankadziwa masamu ake: matumba awiri, jekete imodzi.

A kalabu ya 4-H, omwe ambiri anali ana a alimi, ankalimbikitsidwa kuti aliyense alime kapena awete chakudya chokwanira msilikali mmodzi. A Future Farmers of America, gulu lomwe linayamba mu 1928, ankakonza makina akale a kumunda poti atsopano sankapezeka, ndiponso ankatolera zitsulo zakutha. Ku Nebraska, pa mpikisano wa milungu itatu umene Henry Doorly wa nyuzipepala ya Omaha World-Herald anayambitsa mu 1942, akulu ndi ana anasonkhanitsa matani 67,000 a zitsulo. A Junior Red Cross ankaluka ndi kusoka zotumiza kwa ovulala m'zipatala. Ena ankagulitsa masitampa obwereketsera boma ndalama: mwana akamata masitampa 75 a masenti 25 m'kabuku kake, ankasinthitsa ndi chikalata cha madola 18.75, chomwe pakatha zaka 10 chinkabweza madola 25.

Boma nalo linakhazikitsa gulu lake lalikulu, High School Victory Corps, mu Seputembala 1942, motsogozedwa ndi mkulu wa zamaphunziro John W. Studebaker, lokhala ndi mabaji ndi maperete. Limenelo linapita ndi nkhondo, pomwe 4-H ndi Future Farmers of America alipo mpaka lero, akuweta ndi kulima.

Bambo ako anaphunzira zimenezi mochedwa, ndipo anaziphunzira ndi manyazi. Chaka china, ali patironi wa kalabu ya zachilengedwe, anauza ana kuti adzaze machubu ndi dothi n'kufesa mthethe ndi mbawa. Mbande zinamera bwino, zobiriwira ngati fodya wa panazale. Koma palibe amene anafunsa kuti mitengoyo ikabzalidwa kuti, kapena ndani azithirira pa holide. Potsegulira anapeza machubu ali gwa, timitengo titauma, keni ili pakona itachita dzimbiri. Temu imeneyo kumsonkhano kunabwera ana owerengeka. Chaka chotsatira anayamba apita kwa a mfumu, amene anawaonetsa gombe la mtsinje lomwe linkagumuka mvula iliyonse. Anagwirizana za chiwerengero cha mbande ndi tsiku lobzala, ndipo ana okhala pafupi anagawana masiku othirira, mayina awo atamatidwa pachitseko. Nazale imeneyo inafika pa mvula zoyamba ili moyo.

Choncho ukafika, kaya akupatsa kalabu ya zachilengedwe, ya Edzi Toto kapena ya zisudzo, usayambe ndi kusankha tcheyamani ndi mlembi. Uyambe wayenda. Ukaone a mfumu, alangizi a zaumoyo, a komiti ya mjigo, uwafunse chimene chikusoweka chomwe manja a ana angathe. Ukachipeza, chikhale ndi nambala ndi tsiku, ndipo ana aziona pabolodi pamene afika.

Pa chinthu chimodzi usawatsanzire Aamerika aja. Future Farmers of America sinkalandira atsikana mpaka 1969, ndipo anyamata achikuda a m'maboma akummwera anali ndi gulu lawolawo, New Farmers of America, mpaka 1965. Kalabu yako idzasiya ena kunja mwakachetechete ngati izikumana mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa mtsikana wochokera kutsidya la mtsinje akudikiridwa kwawo ndi ndowa ndi nkhuni. Muzikumana nthawi yoti aliyense akafika kwawo kukuwala. Ndipo ntchito ya kalabu isasanduke ganyu wa kumunda kwa aphunzitsi, ngakhale wokupemphayo akhale wamkulu bwanji.

M'thumba la kutsogolo la sutikesi yako muli kope lachikuto cholimba lolembamo mayina, ndi njere za mthethe zomangidwa m'kansalu. Uziviike kaye m'madzi otentha usiku umodzi usanafese, apo ayi zichedwa kumera. Ukafika uimbe foni, mayi ako sagona mpaka amve mawu ako.

Bambo ako.