Moto woikidwa pakati pa zitsulo

Ife owotcherera moto sutisowa. Chimatisautsa n'chakuti umapita kumene sitinautume. Mukamata mkuwa ndi seramiki m'ng'anjo pogwiritsa ntchito mtovu, zonse ziwiri zimafufuma ndi kutentha, koma mkuwa umafufuma kwambiri. Pozizira umabwerera n'kukoka mnzake, ndiye mumatulutsa chinthu chopindika kapena chong'aluka, chonsecho mtovu unagwira bwinobwino. N'chifukwa chake ndimati kapepala kachitsulo kotchedwa NanoFoil kanalasa penipeni pa vuto lathu. Kanachokera ku kafukufuku wa Timothy Weihs wa ku Johns Hopkins University ndi anzake, ndipo kampani yawo, Reactive NanoTechnologies, inagulidwa ndi Indium Corporation mu 2009.

Kapepalaka n'kopyapyala ngati tsitsi, koma mkati mwake muli timagawo masauzande ta nickel ndi aluminiyamu tosanjikizana mosinthanasinthana. Mumakalowetsa pakati pa zinthu ziwiri zopakidwa kale mtovu, mumapanikiza, kenako mumagunditsa m'mphepete mwake mawaya ochokera ku batire la mavoti 9. Kamathetheka, ng'aniii! Zitsulo ziwiri za m'kapepalamo zimasakanikirana n'kutulutsa kutentha kofika madigiri 1,500, ndipo motowo umathamanga mamita angapo pa sekondi. Mtovu umasungunuka n'kugwiranso kutentha kusanalowerere, moti mkuwa uja mutha kuugwira ndi dzanja.

Anzanga ena amati zimenezi n'zodula, ndipo sakunama. Wowotcherera geti kapena chitseko alibe nako ntchito. Ndodo ndi makina ake n'zokwana. Koma mtengo wa kapepalaka tiuyerekeze ndi wa chinthu chimene chikanawonongeka, monga mbale zikuluzikulu za seramiki zimene mafakitale amamata pa mkuwa kuti azikutira magalasi. Imodzi ikang'aluka, ndalama zolowa m'madzi zimaposa kutali mtengo wa kapepala. Ena amadandaula kuti kakapsa kamatsalira momwemo, kophwanyika msanga, ndiye polumikizirapo pangalimbe bwanji? Apa mpamene pali chodabwitsa. Poyaka kamachepa n'kuchita ming'alu, ndipo mtovu wosungunuka umadutsa m'ming'alumo n'kulumikiza mbali ziwirizo. Chodandaula chimene ndimachivomereza n'chakuti kapepalaka sikakhululuka. Pamalo pakakhala popindika, pakuda kapena posapanikizidwa mokwanira, palibe mpata wobwerezanso monga timachitira ndi lawi la gasi, chifukwa kamayaka kamodzi kokha.