Kadzidzi wa kuseri kwa fakitale

Ku Isando, dera la mafakitale loyandikana ndi bwalo la ndege la OR Tambo mumzinda wa Ekurhuleni, nthaka yambiri inakwiririka ndi phula ndi simenti. Komabe kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu, mlonda wina wochokera ku Dedza ali ndi kadimba pafupi ndi chipinda chomwe amagonamo.

Poyamba bamboyu ankasesa paliponse, kutentha zinyalala, kupopera mankhwala pa repu ndi mpiru, ndiponso kutchera makoswe ndi poizoni. M'mawa wina anapeza kadzidzi atafa m'mbali mwa mpanda. Popeza anakula akumva kuti kulira kwa mbalameyi kumalosera maliro, anaona ngati tsoka lamulambalala. Koma posakhalitsa makoswe anachuluka mpaka kuboola thumba lake la ufa.

"Achimwene, mwapha mlonda mnzanu," anatero mnzake wa pantchito. Anamufotokozera kuti khoswe amene wadya poizoni safa tsiku lomwelo. Amayenda mofooka, kadzidzi n'kumugwira mosavuta, ndipo poizoniyo amapha onse awiri.

Mawuwa anamulasa mtima. Anasiya poizoni nayamba kutchera misampha, ndipo ufa anausunga m'ndowa yotsekera. Pakona anaunjika miyala ndi zikuni kuti abuluzi ndi achule, omwe amadya tizilombo toononga ndiwo, apeze pobisala. Masamba ouma anawaphimbira m'mabedi, nyongolotsi zinabwerera. Anaikanso phale la madzi, lomwe amatsuka pakapita masiku awiri kuti udzudzu usaswane.

Derali lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo mu Juni ndi Julaye chisanu chimaumitsa udzu. Choncho anabzala aloe wachilengedwe cha komweko, amene amachita maluwa m'nyengo yozizirayi n'kudyetsa njuchi ndi timbalame. Chitsamba cha lantana anachizula, pakuti malamulo a South Africa a mu 2014 anachiika m'gulu la zomera zachilendo zoyenera kuthetsedwa.

Chomuvuta kwambiri chinali kukhoma bokosi pamwamba pa khoma kuti kadzidzi wina adzaswereremo. Anazengereza kwa miyezi, koma analikhoma ndithu. Lero mbalameyo ikalira usiku, thupi limachitabe tsembwe monga kale ali mwana. Kenako amakumbukira thumba la ufa lija, n'kupitiriza kulondera.